Madzi a M'kaliwo wa Galasi Satsuka Utsi wa Chamba

Wolemba Mtola-nkhani Wathu

Ali yense amene ali ndi lamya ya m'manja angathe kuona masiku ano zithunzi za chipangizo china cha galasi, chonyezimira ngati za m'chipinda chophunziriramo sayansi, chokhala ndi mimba ya madzi pansi ndi khosi lalitali pamwamba. Azungu amachitcha bong, ndipo nchito yake ndi yosutira chamba. Ku Amereka ndi ku Ulaya chimagulidwa m'masitolo, koma anyamata amene alibe ndalama amayesa kudzipangira okha kunyumba ndi botolo lotha nchito. Onsewa, ogula ndi odzipangira omwe, chikhulupiriro chao chaima pa mfundo ziwiri: yoyamba yakuti galasi ndi chinthu chaukhondo, yachiwiri yakuti madzi amatsuka utsi usanafike m'chifuwa.

Popeza ana athu a m'sukulu za sekondale ndiwo amaona msanga zinthu zotere, ndiponso popeza dziko lino lakhala ndi lamulo latsopano la chamba kuyambira mu 2020, limene ambiri angolimva m'mphepo chabe, taona kuti nkoyenera kuiyala nkhaniyi poyera. Mphunzitsi akafunsidwa m'kalasi, kapena kalaliki wa Boma akafunsidwa ndi mphwake madzulo pakhonde, ukali wokha sukwanira ai. Mwana wa masiku ano amafuna kumva chifukwa chake. Za kapangidwe ka chipangizochi sitinenapo kanthu pano. Tinena za kumene chinachokera, ndi zimene madotolo anapeza pamene anaziyesa mfundo ziwiri zija.

NZERU YAKE NJA MU AFRICA

Mnyamata amene aganiza kuti watola nzeru yatsopano ya Azungu adzadabwa kumva kuti nzeruyo njakale, ndi kuti akatswiri a mbiri akailondola amafika nayo mu Africa muno. Mbeu ya chamba kwao kweni-kweni ndi ku Asia, ndipo inafika kuno kudzera m'ngalawa za malonda za pa nyanja ya India. Koma ku India anthu akale sankachisuta m'kaliwo. Ankachisinja ndi kuchidya, kapena kuchisakaniza m'zakumwa. Herodotus, mlembi wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 400 Khristu asanabadwe, analemba za anthu a ku Scythia amene ankaponya njere za chamba pa miyala yamoto m'kati mwa hema ndi kupuma utsiwo, koma kumeneko ndiko kufukiza, si kusuta. Fodya wamba, amene tazolowera kumuganizira pamodzi ndi kaliwo, kwao ndi ku Amereka, ndipo sanadziwike kwina kuli konse Columbus asanaoloke nyanja mu 1492. Chotero kaliwo ali yense wofukulidwa mu Africa amene ali wakale kuposa chaka chimenecho sanali wa fodya.

Makaliwo otere alipo ndithu. Mu 1971, m'phanga lina pafupi ndi nyanja ya Tana ku Ethiopia, munafukulidwa timiphika tiwiri ta dothi ta pa kaliwo, timene akatswiri amatiyesa ta m'zaka zoyandikira 1320. Bambo Nikolaas van der Merwe anapima mwaye umene unali m'kati mwake, nalengeza mu 1975 kuti wapezamo zizindikiro za chamba. Pafupi ndi ife, pa phiri la Sebanzi m'chigwa cha Kafue ku Zambia, kumene a Brian Fagan ndi a David Phillipson anakumba ndi kulemba zimene anapeza mu 1965, kunatuluka makaliwo a dothi lootcha, ndipo nawonso ndi akale kuposa kufika kwa fodya. Mu 2019 Bambo Chris Duvall, mphunzitsi wa pa University of New Mexico, anasonkhanitsa maumboni otere m'buku lake lotchedwa The African Roots of Marijuana, ndipo chigamulo chake nchakuti kaliwo wodutsitsa utsi m'madzi anayambira mu Africa, ndi kuti chizolowezi chosuta chamba, m'malo mochidya, chinafalikira maiko ena kuchokera kuno.

Anthu akalewo ankatenga chimene chinali pafupi: chipanda chikhale mimba ya madzi, bango kapena nsungwi ikhale mpope, kamphika ka dothi kakhale poika moto. Azulu ankasutira m'nyanga ya ng'ombe, imene amaitcha igudu. Ena kumwera kwa Africa sankanyamula kanthu konse, ankangoumba kachulu ka dothi pansi ndi kusuta chogwada. Ngakhale dzina lathu lakuti chamba liri ndi abale ake: ku Angola ndi ku Congo amati diamba kapena liamba, ndipo anthu ogwidwa ukapolo anaoloka nao mau amenewa kufikira ku Brazil, kumene akumvekabe.

Dotolo David Livingstone anazipeza zimenezi ziri pa chimake. M'buku lake la 1857 analemba za Atonga a m'mbali mwa Zambezi, amene iye anawatcha Batoka, kuti ankasuta kwambiri chamba, chimene ankachitcha mutokwane, ndi kuti munthu akangokoka pang'ono ankatsokomola koopsa. Anadandaulanso kuti analephera kuletsa mfumu Sekeletu ndi anyamata ake a Chikololo chizolowezi chimenechi. Ena mwa Amakololo amene anatsagana naye ndiwo anatsala m'chigwa cha Shire iye atachoka mu 1864, nakhala mafumu ku Chikwawa, monga a Kasisi, a Katunga ndi a Maseya. Sitikunena kuti ndiwo anabwera nacho chamba kuno ai, pakuti wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos anali atalemba kale mu 1609 kuti anthu a dera la Sofala ankalima mbeu yotchedwa bangue. Chimene tifuna awerengi athu asunge ndi kutsokomola kuja. Chifuwa chimene Livingstone anachimva zaka zoposa 160 zapitazo ndi chomwe chimveka lero kuseri kwa nyumba zogona ophunzira.

Dzina lokha lakuti bong ndilo lachilendo. Linachokera ku mau a ku Thailand otanthauza chibade cha nsungwi, ndipo linalowa m'Chingerezi cha ku Amereka m'nyengo ya nkhondo ya ku Vietnam.

GALASI SI LIMODZI

Chatsopano pa nkhani yonseyi ndi galasi, ndipo apa mpamene pali chinyengo choyamba, chifukwa anthu amayesa kuti galasi liri lonse ndi limodzi-modzi. Galasi la mabotolo, la matambula ndi la mazenera amalipanga ndi mchenga, soda ndi laimu. Ndi lotsika mtengo, koma liri ndi chilema chimene mai ali yense amachidziwa: ukathira madzi owira m'tambula yozizira, imang'aluka pomwepo. Chifukwa chake nchakuti galasi likatentha limafutukuka, ndipo mbali imene yakhudzana ndi moto imafutukuka msanga pamene inzake ikali yozizira. Pokokana mbali ziwirizo, galasi limasweka. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 Otto Schott wa mu mzinda wa Jena ku Germany anapeza kuti kuonjezamo boron kumachepetsa kufutukukako, kotero kuti galasi latsopanolo, lotchedwa borosilicate, limafutukuka pafupi-fupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mmene limafutukira la mabotolo. Mu 1915 kampani ya Corning ku Amereka inayamba kuligulitsa ndi dzina lakuti Pyrex. Limeneli ndilo galasi la timachubu timene mphunzitsi wa sayansi amaika pa lawi la moto wopanda mantha.

Munthu amene ambiri amamutcha tate wa makaliwo a galasi a masiku ano ndi Bob Snodgrass wa ku Amereka. Iye anayamba kuphunzira kusungunula galasi pa lawi mu 1971, nakhala zaka zambiri akuyenda-yenda m'basi imene inali nyumba yake, kutsata gulu la oimba la Grateful Dead ndi kugulitsa makaliwo kwa anthu odzamvera nyimbo. Mu 1990 anakhazikika mu mzinda wa Eugene, m'chigawo cha Oregon, naphunzitsa anyamata ambiri kufikira mzindawo unasanduka likulu la umisiri umenewu. Iye ndiye anatchukitsa luso lofukiza nthunzi ya siliva ndi golide pa galasi, kuti kaliwo azisintha maonekedwe akamakalamba. Apa tipemphe awerengi athu aime pang'ono. Kusintha maonekedweko kumadza chifukwa phula lakuda la utsi limamatirira m'kati mwa galasi, ndipo mitundu ya siliva ija imaonekera bwino pa mdima umenewo. Ndiko kunena kuti kukongola kumene ogula amakulipirira ndalama zambiri ndiko umboni wa litsiro lomwe limene likupita ku mapapo ao.

Umisiri wake sitiupeputsa, ndipo si wa pakhonde ai. Galasi la borosilicate silifewa kufikira moto utapitirira madigiri 800, ndipo kuti liumbike bwino lifuna moto woposa pamenepo kutali, wa gasi wosakaniza ndi okosijeni, wonga wa amisiri ootcherera zitsulo. Mmisiri amabvala magalasi a m'maso apadera, pakuti lawi lachikasu lotuluka pa galasi lotentha limathobwa m'maso. Akatha kuumba sasiya chinthucho pa mphepo. Amachilonga mu uvuni wa madigiri oposa 500 kuti chizizire pang'ono-pang'ono, apo ai chidzasweka chokha tsiku lina popanda wochikhudza. Amai oumba mbiya amadziwa zofanana ndi zimenezi za mphika umene waotchedwa usanaume bwino.

Tsono yerekezani mnyamata wa Fomu 3 amene ali ndi botolo la zakumwa m'manja. Gasi alibe, uvuni alibe. Kusungunula galasi sangathe. Chimene angathe ndi kuliswa kapena kuliboola basi. Botolo lochitidwa chotero limatsala ndi m'mphepete mwakuthwa ngati lumo, ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, ndi tizidutswa tating'ono ngati mchenga timene tingathe kutsagana ndi utsi. Galasi lakenso ndi lija losapirira moto, ndipo likasweka limaswekera m'manja, pafupi ndi milomo ndi maso. Pamene galasi lakanika amatsekapo ndi pulasitiki kapena zomatira, zimene zikapsa zimatulutsa utsi wao-wao waululu. Pa sukulu pali malo amodzi okha pamene galasi lopirira moto limapezeka, ndiwo labotale. Akulu a sukulu amene amawerenga mabuku a m'laibulale pakutha pa teremu iri yonse angachite bwino kuwerenganso timachubu ndi mabotolo a m'kabati ya sayansi.

KHOSI LA BOTOLO KU JONI

Kuti tione kumene njira ya botolo imathera sitifunika kupita ku Amereka. Abale athu amene agwirapo nchito ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town amadziwa kuti m'makomboni ndi m'ndende za kumeneko kaliwo wa amphawi ndi khosi la botolo losweka. Ameneyu ndiye kaliwo wa galasi wodzipangira weni-weni, ndipo palibe amene amamujambula kuti adzitamire naye.

M'khosi la botolo limeneli ndimo m'mene dagga, monga amatchulira chamba kumeneko, anakumana ndi mapiritsi a Mandrax. Mankhwala ake, otchedwa methaqualone, anapangidwa koyamba ku India mu 1951 ndi akatswiri amene ankafuna-funa mankhwala a malungo; malungo sanachize, koma anapezeka kuti amagoneka tulo, ndipo anagulitsidwa m'maiko ambiri ngati mapiritsi a tulo. South Africa inawaletsa mu 1977, koma malonda ake anangolowa m'mdima, kufikira dzikolo linakhala msika waukulu wa mapiritsiwa pa dziko lonse lapansi. Osuta amasakaniza mapiritsi ophwanya ndi chamba, ndipo kaliwo wotere amamutcha witpyp m'Chibunu, ndiko kuti kaliwo woyera. Wokoka utsi wake kawiri-kawiri amagwa pansi ali chikomokere, dovu liri chuu. Mfundo imene mphunzitsi angaitole apa ndi iyi: kaliwo amayenda m'manja ambiri, ndipo amene amlandira kachitatu kapena kachinai saona chimene woyamba anaikamo.

KUZIZIRA SI KUYERA

Tibwere tsopano ku mfundo yaikulu, ya madzi. Madzi amachitadi zinthu ziwiri: amaziziritsa utsi, ndiponso amagwira phulusa. Wosuta samva kuwawa kukhosi, nayesa kuti utsi wayera. Koma kuwawa kukhosi ndiye mlonda amene amauza munthu kuti aleke. Mlondayo akagonekedwa, munthu amakoka utsi wochuluka nthawi imodzi, naufikitsa pansi peni-peni pa mapapo.

Nkhaniyi inayesedwa m'labotale, ndipo oiyesawo sanali adani a chamba. Mabungwe awiri a ku Amereka, MAPS ndi California NORML, amene amalimbikira kuti chamba chiloledwe, analipira akatswiri kuti apime utsi wotuluka m'zipangizo zosiyana-siyana, ndipo Bambo Dale Gieringer analengeza zotsatira zake mu 1996. Iwo ankayembekeza kupeza chipangizo chochepetsa phula. Chimene anapeza nchakuti madzi amachotsa THC, amene ndiye mphamvu yoledzeretsa ya m'chamba, kuposa mmene amachotsera phula. Chotero munthu wofuna kuledzera mlingo womwewo ayenera kusuta chochuluka, ndipo potero amameza phula lambiri kuposa mnzake wosuta ndudu yopanda sefa. Pa bwalo la milandu, mboni yochokera m'nyumba ya woimbidwa mlandu ikamutsutsa, anthu onse amatchera khutu.

Nanga utsiwo uli ndi chiyani? Mu 1988 Dotolo Donald Tashkin ndi anzake a pa University of California ku Los Angeles anayerekeza ndudu imodzi ya chamba ndi ndudu imodzi ya fodya, napeza kuti ya chamba imalowetsa phula lochuluka pafupi-fupi katatu, ndi kuti mpweya woipa wa carbon monoxide umakwera m'magazi pafupi-fupi kasanu. Chifukwa chachikulu ndi kasutidwe, pakuti wachamba amakoka mozama ndi kusunga utsi m'chifuwa nthawi yaitali. Mpweya woipawo susungunuka kweni-kweni m'madzi. Umangodutsa ndi thobvu.

Pali bvuto lina limene kwa ife kuno ndi lalikulu kuposa kwa Azungu. Mu 2003 madotolo a ku Queensland, m'dziko la Australia, analemba za gulu la achinyamata amene anapatsana chifuwa chachikulu, ndipo polondola anapeza kuti chimodzi mwa zimene zinaonjeza ngozi yotenga nthendayo chinali kusutira limodzi kaliwo wa madzi ndi munthu wodwala. Ganizirani anyamata asanu m'kachipinda kotseka mazenera poopa kugwidwa, onse akutsokomola, onse akuika milomo pamodzi-modzi. Ngati zinatero ku Australia, kumene nthendayi njosowa, nanga kuno kumene chipatala chiri chonse cha Boma chiri ndi khomo la odwala chifuwa chachikulu?

Ndipo chimene galasi kapena madzi sangachikhudze konse ndi bongo. Mu 1987 madotolo a ku Sweden analengeza za anyamata 45,570 olembedwa usilikari amene anawatsata kwa zaka 15. Amene anabvomera kuti anasutapo chamba koposa ka 50 anapezeka ndi nthenda ya misala yotchedwa schizophrenia kasanu ndi kamodzi kuposa osasuta. Mu 2019 Dotolo Marta Di Forti wa ku London ndi anzake anafufuza m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, napeza kuti wosuta tsiku ndi tsiku ali pa ngozi yosokonezeka mutu katatu kuposa wosasuta, ndipo ngati chamba chake chiri champhamvu, pafupi-fupi kasanu. Tisanamize ana kuti ali yense wolawa chamba amapenga, pakuti iwo amadziwa anzao ndi amalume ao amene asuta zaka zambiri osabvula zobvala pamseu, ndipo akatigwira bodza limodzi sadzatimveranso. Zoona zake nzakuti ambiri sapenga, koma palibe amene amadziwiratu ngati iye ali mwa ambiriwo kapena mwa ochepawo, ndipo ngozi imakula kwa amene ayamba ali wamng'ono, popeza bongo umakhwima munthu atafika zaka za m'ma 25. Chamba chathu cha ku Nkhotakota, chimene alendo amachitcha Malawi Gold, chinatchuka kunja chifukwa cha mphamvu yomweyo. Anamwino a pa chipatala cha odwala misala ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu amaidziwa nkhaniyi osachita kuiwerenga m'magazini a ku London.

MUNDA NDI KWINA, KALIWO NDI KWINA

Chatsala ndi lamulo, ndipo apa mpamene ambiri asokonezeka, ngakhale ena obvala tayi. Kuletsa chamba kunayamba m'nthawi ya atsamunda. South Africa inachiletsa mu 1922, pangano la maiko la ku Geneva la 1925 linachiika m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa, ndipo kuno lamulo la Dangerous Drugs Act, limene limachitcha Indian hemp, linayamba kugwira nchito mu 1956. Maganizo a maiko asintha pang'ono-pang'ono. Pa 2 December 2020 komiti ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsetsetsa, ndi mavoti 27 kwa 25, pobvomereza kuti chiri ndi nchito m'chipatala. Koma sinachichotse pa mndandanda wa mankhwala ofunika kuyang'aniridwa.

Kuno kwathu a Boniface Kadzamira, amene anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anaidzutsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015, anzao ambiri nawaseka. Koma Boma linaloleza kuyesa mbeu ya chamba cha m'mafakitale pa malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, ndipo pa 27 February 2020 Nyumba ya Malamulo inabvomereza Cannabis Regulation Act, imene anaibweretsa a Kondwani Nankhumwa, Nduna ya Zaulimi pa nthawiyo. Lamulolo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, lopereka ziphaso kwa ofuna kulima chamba cha mankhwala, ndi cha m'mafakitale chopangira zingwe, nsalu ndi mafuta, chimene mphamvu yake yoledzeretsa siyenera kupitirira gawo limodzi pa magawo 100. Mitengo imene inalengezedwa chaka chomwecho inali madola 10,000 pa chiphaso cha chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha m'mafakitale. Tinene poyera kuti zimenezi si ndalama za mlimi wa khasu limodzi, ndipo madandaulo a alimi ang'ono-ang'ono pa mfundoyi anali omveka. Wolima kapena kugulitsa popanda chiphaso lamulo lomwelo linamuikira chilango chofika zaka 25 m'ndende ndi chindapusa cha K50 miliyoni. Mu March 2024 aphungu anabvomerezanso bilu ya a Peter Dimba yokhudza kulima ndi chiphaso mbeu ya chamba cha kuno. M'zonsezi palibe pamene panalembedwa kuti munthu angathe kusuta chamba kuti asangalale. Boma linatsegula chipata cha kumunda, chifukwa fodya amene watinyamula zaka zambiri msika wake ukuchepa. Chipata cha kaliwo silinachikhudze, ndipo ife tiona kuti kulekanitsa ziwirizi kunali kwanzeru.

Zithunzi zimene ana athu amaona zimachokera ku maiko a malamulo ena, ndipo ngakhale kumeneko zinthu sizinakhale chomwecho nthawi zonse. Mu February 2003 Boma la Amereka, pansi pa mkulu wa zamalamulo John Ashcroft, linachita chisokole chotchedwa Operation Pipe Dreams, ndipo anthu 55 anaimbidwa mlandu wogulitsa zipangizo zosutira, ena mwa iwo amisiri a galasi a ku Eugene komwe kuja. Katswiri wa zisudzo Tommy Chong, amene dzina lake linali pa kampani yogulitsa makaliwo a galasi, anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 9 ndi kulipira madola 20,000. Patapita zaka 9, mu 2012, anthu a zigawo za Colorado ndi Washington anavotera kuti akulu azisuta mwaufulu, ndipo a ku Oregon anatsatira mu 2014. Mmisiri yemwe uja amene anathyoleredwa chitseko ndi apolisi anadzapezeka akugulitsa katundu wake poyera.

Chimene chidzabvuta kwambiri a nchito za Boma ndi cha pafupi. Pa 18 September 2018 bwalo lalikulu la ku South Africa loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti munthu wamkulu angathe kulima ndi kusuta chamba chake m'malo a iye yekha, ndipo mu May 2024 President Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lotsatira chigamulocho. Kugulitsa sikunaloledwe, ndiponso ana sanaloledwe. Komabe mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene wakhala zaka zitatu ku Joni amabwera kwao ataona makaliwo a galasi akugulitsidwa m'masitolo, ndipo amauza ang'ono ake kuti zinaloledwa. Chigamulo cha oweruza a ku Johannesburg chimathera pa mtsinje wa Limpopo. Basi ikaoloka mlatho wa Beitbridge imalowa mu Zimbabwe, kumene kusuta chamba ndi mlandu; ikadutsa ku Tete iri mu Mozambique, kumenenso ndi mlandu; ndipo ikaima pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, wapolisi amene atsegule chikwama adzawerenga malamulo a Malawi.